KODI ANAOLOTSA LIVINGSTONE NDANI?

Abale ndi alongo a ku Maramba, ku Libuyu, ku Linda ndi ku Dambwa, lero tifuna kukamba nanu nkhani ya pamadzi. Ife tikhala makilomita 10 cabe kucokera ku Mosi-oa-Tunya, ndipo pa miyezi ya madzi ambiri tiona utsi wace tiri pa khomo la nyumba zathu. Koma mwezi utha, caka citha, ambiri a ife osapondako phazi ku gombe la Zambezi. Timangoti mtsinje ngwa alendo a ndalama. Taiwala kuti m'mawa uli wonse, tambala asanatsike, alipo amuna a m'makomboni athu ano ndi a m'midzi ya kwa Mukuni amene atsikira ku madzi omwewo kukagwira nchito. Ena asenza mabwato a mphira pa mutu, ena apalasa, ena atsuka ndi kuyendetsa zombo zimene zitenga alendo kukaona dzuwa likulowa. Ana a anthu amenewa aphunzira sukulu imodzi ndi ana anu, ndipo akazi ao agulitsa tomato pa msika umodzi ndi akazi anu. Nkhani yao ndi yathu.

Mwana ali yense wa sukulu adziwa kuti pa 16 November 1855 Dr. David Livingstone anafika pa mathithi athu. Tsono funsani mwanayo kuti Mzunguyo anafika bwanji pa cisumbu cija ciri pa mlomo peni peni pa phompho. Kodi anasambira? Kodi anauluka? Iye mwini analemba m'buku lace kuti anatsika mtsinje ndi anthu a Mfumu Sekeletu ya Amakololo, ndipo atayandikira mathithi anasiya bwato limene anabwera nalo nalowa m'bwato lina lopepuka, la anthu odziwa bwino madzi a pamenepo. Anthu amenewo ndiwo anamfikitsa pa cisumbu, nambweza ali moyo. Maina ao sanawalembe.

Pa ulendo waciwiri, mu August 1860, pamene anabwera ndi mng'ono wace Charles ndi Dr. John Kirk, analembako dzina limodzi. Mwini bwato anali Tuba Mokoro, ndipo tanthauzo la dzinalo ndi woswa mabwato. Dzina loopsa ndithu kwa munthu wofuna kukwera bwato lace! Koma anthu onse a pa gombe ananena kuti iye yekha ndiye anali ndi mankhwala a madzi amenewo. Lamulo lace linali lakuti munthu asalankhule m'bwato, cifukwa mau acepetsa mphamvu ya mankhwala. Ife sitidziwa za mankhwala, koma tidziwa kuti munthu woima kutsogolo kwa bwato ndi mtengo wace wautali, maso ali pa miyala, afuna kuti mnzace wa kumbuyo amve msanga akapfuula. Lamulo lija linali la nzeru. Pa malo ena mtengo wa Tuba unaterereka pa mwala wosalala, bwato linagunda, madzi nalowa kufikira pakati. Iye analikankhira pa madzi odikha, nakapa madziwo, ndipo pofotokoza anati mankhwala alibe mlandu, colakwa ndi cakuti anayamba nchito asanadye kanthu m'mawa. Azungu aja analemba nkhaniyi ngati nthabwala, nati kuyambira tsiku limenelo sanamlolenso kupalasa ndi njala. Ife sitiseka kweni kweni. Tuba Mokoro ananena mau amene wanchito ali yense wa pamadzi anganene lero lino: munthu wa njala sagwira bwino nkhafi, ndipo akalakwa amira ndi onse ali m'bwato.

Lero mzinda uli ndi dzina la wokwera bwato. Zifanizo zace zaima tsidya lino ndi tsidya lija. Nyumba yosungiramo zakale, imene inayamba mu 1934, isunga makalata ace ndi zobvala zace. Ife sitidandaula nazo zimenezo, pakuti munthuyo anayenda ndithu, ndipo anadana nao malonda a akapolo. Koma tifunsa a Khonsolo ya mzinda uno: kodi pa miseu yonse imene muli nayo, palibe umodzi woti uchedwe Tuba Mokoro?

Inu a kwa Chipata, a ku Katete ndi a ku Malawi amene mukhala kuno, musaganize kuti iyi ndi nkhani ya Alozi ndi Atoka-Leya okha. Pocoka pano mu 1855 Livingstone anatenga amuna 114 a Sekeletu, nawasiya ku Tete mu 1856 ndi lonjezo lakuti adzabwera kudzawatenga. Anacedwa zaka ziwiri, ndipo 30 a iwo anafa ndi nthomba. Pobwera mu 1858 anadza ndi sitima ya pamadzi ya citsulo yochedwa Ma Robert, imene anakhulupirira kuti idzatsegula Zambezi yense kucokera ku nyanja ya mcere. Sitimayo inali yodontha, ndiponso inali kudya nkhuni koopsa, kotero kuti amuna anali kutema mitengo tsiku ndi theka kuti iyende tsiku limodzi. Pa mathithi a Kebrabasa, pamene lero pali damu la Cahora Bassa, inalephera kupita. Ndico cifukwa cace anakhotera ku mtsinje wa Shire nafika ku nyanja ya Malawi mu 1859. Sitima ija inamira mu December 1860. Koma ena mwa amuna a kuno amene anatsika naye mtsinje anakhazikika ku cigwa ca Shire nasanduka mafumu, monga Kasisi, Chipatula ndi Mlauli, ndipo zidzukulu zao zilankhula cinenero cimene tirikulembamo cino. Citsulo ca ku Ulaya cinamira, anthu a nkhafi anatsala.

Mzinda wathu womwe unabadwira pa dooko. Pafupi makilomita 10 kumtunda kwa mathithi pali malo pamene mtsinje ucepa, ndipo pamenepo anthu a Mfumu Sekute anali kuolotsa apaulendo kuyambira kale. Azungu anapacha Old Drift. Mu 1898 panafika F. J. Clarke, amene anali kumucha Mopane Clarke, natsegula sitolo ndi nchito yoolotsa katundu wocokera ku Bulawayo pa ngolo za ng'ombe. Poyamba anali mabwato osema, pambuyo pace bwato la citsulo lopalasidwa ndi Alozi 8, ndiponso cibwato cacikulu cokokedwa ndi cingwe ca waya. Katundu yense wopita kumpoto, kaya nsaru, kaya mfuti, kaya zitsulo za ofuna miyala, anadutsa pa manja a anthu amenewa. Malowo anali a udzudzu woopsa, ndipo malungo anapha Azungu ambiri. Manda ao alipo kufikira lero m'kati mwa paki ya Mosi-oa-Tunya, ndi cipilala cace. Kodi udzudzu unali kuluma Azungu okha? Nanga opalasa amene anafa pa dooko lomwelo anaikidwa kuti?

Njanji inafika tsidya lija mu 1904, ndipo mu September 1905 ulalo wa pa mathithi unatsegulidwa, wa mamita 198 m'litali. Pomwepo dooko la Old Drift linafa. Eni masitolo anasamukira pa mtunda wa mcenga pamene pali mzinda lero, napatsidwa mapuloti. Za opalasa palibe anafunsa. Sungani mau awa, cifukwa tibwereranso kwa iwo.

Madzi omwe aja anasanduka bwalo la masewera a Azungu. Mpikisano woyamba wa mabwato unacitika mu 1905, ndipo pa 18 August 1910 anthu anabwera pa sitima kucokera kutali kudzaona Richard Arnst wa ku New Zealand akupambana Ernest Barry wa ku England pa mpikisano wa dziko lonse lapansi wa kupalasa munthu mmodzi mmodzi. Maina awiriwo ali m'mabuku onse. Kuyambira mu 1948 kufikira mu 1950 ndege za BOAC zotera pa madzi zinali kugona pa Zambezi pa ulendo wao wocokera ku Southampton kupita ku Johannesburg. Zimenezi ndizo alendo akonda kumva, ndipo sitiwaletsa.

Koma nchito yeni yeni ya mtsinje inali kumtunda. Miseu isanakonzedwe, njira ya ku Bulozi inali madzi. Katundu wa Boma, wa amishoni ndi wa masitolo anali kucoka ku Livingstone kupita kumtunda kwa miyala ya Katombora, ndipo kucokera kumeneko anali kukwera mtsinje m'mabwato akulu a matabwa, opalasa oposa khumi ataimirira, ena kutsogolo ena kumbuyo, Bwana atakhala pakati pansi pa kadenga ka mphasa. Ulendo wofika ku Mongu unali kutenga masabata atatu kapena kuposa. Pa miyala anali kutsika m'madzi a ng'ona nakoka bwato ndi zingwe. Pa mathithi a Ngonye ku Sioma katundu yense anali kutsitsidwa, ndipo bwato lomwe linali kukokedwa pa mtunda kufikira kumtunda kwa mathithi. Dzuwa pa msana, mvuu pansi pa bwato, usiku kugona pa mcenga. M'zaka za 1940 ndi 1950 kampani ya Wenela nayonso inali ndi zibwato zace pakati pa Katima Mulilo ndi Kazungula, zotenga anyamata a ku Bulozi ndi a ku Angola kupita nao ku migodi ya golide ya ku Joni. Mtsinje womwe unali kukweza mcere ndi nsaru, unali kutsitsa anthu.

Wina asatiuze kuti kupalasa ndi nchito ya anthu wamba imene siyenera ulemu. Pitani ku Lealui pa nthawi ya Kuomboka, pamene Litunga asamukira ku Limulunga m'bwato lace la Nalikwanda, la mizere yakuda ndi yoyera ndi cifanizo ca njobvu pamwamba. Opalasa ace aposa 100, ndipo munthu salowamo cilowelowe. Asankhidwa, abvala zikopa ndi nduwira zofiira, ndipo banja lace lonse linyadira kuti mwana wao anagwira nkhafi ya mfumu. Makolo athu anadziwa mtengo wa munthu wa pamadzi. Kucepsa nchito imeneyi kunabwera ndi malipiro a tikiti ndi poso.

Tsopano tifike pa za lero. Mu 1981 Aamereka a kampani ya Sobek anatsika koyamba m'cigwa ca Batoka ndi mabwato a mphira, ndipo Dr. Kenneth Kaunda anabwera yekha kudzawaona ponyamuka. Kucokera pamenepo yakula nchito imene yachukitsa Livingstone pa dziko lonse. Mafunde a m'cigwamo ali ndi manambala ndi maina ao, kuposa 20, ndipo pa la nambala 9 alendo atsika nayenda pa miyala cifukwa ndi loopsa koposa. Tinene zoona: nchito iyi yatithandiza. Anyamata ambiri amene anayamba ndi kusenza katundu lero ndiwo akaswiri oyendetsa mabwatowo, ndipo ena afika nayo nchito ku maiko akutali. Ena amanga nyumba za malata, ena aphunzitsa abale ao. Alipo eni makampani amene asunga anthu ao bwino, ndipo iwo adzidziwa okha. Mau athu sali pa iwo.

Mau athu ali pa mnyamata uja amene mlendo samuona. Mlendo atsika m'cigwa atanyamula nkhafi yace yokha, ndipo pokwera madzulo apuma kasanu ndi kawiri panjira nati wafa. Koma bwato, mpope, zitsulo, zisoti, mabokosi a zakudya ndi zakumwa, zonsezi zitsika ndi kukwera pa mutu ndi pa msana wa munthu, pa phompho loposa mamita 100, ndipo kumunsi loposa 200, pa makwerero a mitengo ndi miyala yoterera, ena atabvala patapata. Alendo akafika pamwamba apeza zakumwa zozizira zirikuwadikira. Sizinakwere zokha ai. Funsani mnyamatayo ngati ali ndi pepala liri lonse losonyeza kuti agwira nchito. Kawiri kawiri yankho ndi lakuti ndi ganyu cabe: kapitao aitana m'mawa, alipira madzulo, kwatha. Caka cino ganyu, caka ca mawa ganyu, mpaka bondo litatha.

Wolemba mau ano anakhalapo kalaliki ku mgodi, amene anthu a kumeneko amati mabalani, ndipo anaphunzirako cinthu cimodzi cimene sadzaiwala. Munthu akapweteka pansi, funso loyamba la ku ofesi silikhala lakuti wapweteka pati. Funso loyamba ndi lakuti nambala yace ndi ciani. Amene ali m'buku apita ku cipatala pa galimoto ya kampani, mkazi wace alandira cipepeso, ana apitiriza sukulu. Amene anabwera ndi kontrakitala wopanda buku, ngakhale anagwira fosholo imodzimodzi pa malo amodzimodzi, abale ace ayenda ofesi ndi ofesi ndipo ali yense awauza kuti sitimdziwa munthu ameneyu. Ndinaona mai wina wokalamba atakhala pa khonde la ofesi masiku atatu ndi citupa ca mwana wace m'manja. Sindinathe kumthandiza, cifukwa dzinalo munalibe m'buku langa.

Ndico cifukwa cace tinena kuti munthu ali yense wa pamadzi alembedwe. Sitirikupempha cacilendo. Lamulo la nchito la 2019, lochedwa Employment Code Act, liletsa kusunga munthu pa ganyu pamene nchito yace ndi yokhalitsa, ndipo ngakhale pangano likhale la pakamwa, wolemba nchito ayenera kusunga colembedwa cace. Bungwe la Workers' Compensation Fund Control Board liripo cifukwa ca opweteka pa nchito, ndipo NAPSA iripo cifukwa ca ukalamba. Koma mabungwe amenewa sangathandize mzukwa. Athandiza munthu wa dzina ndi nambala.

Eni mabwato adzatiyankha kuti mtsinje uli ndi nyengo zace. Madzi akadzala kwambiri pambuyo pa dzinja, nchito ya m'cigwa iima masabata angapo, ndipo alendo sabwera mofanana miyezi yonse. Adzatikumbutsanso caka ca 2020, pamene matenda a Covid anatseka malire, mabwato nakhala pa mtunda, mzinda wonse nulira. Zonsezi nzoona, ndipo ife sitifuna kuti kampani iri yonse igwe, pakuti ikagwa oyamba kugona ndi njala ndi ife tomwe. Koma lamulo lidziwa kuti iripo nchito ya nyengo, ndipo nayonso iri ndi pangano lace. Lembani munthu miyezi isanu ndi itatu ngati nchito ndi ya miyezi isanu ndi itatu. Ndipo 2020 yemweyo ndiye mboni yathu: amene anali m'mabuku anali ndi poyambira kukamba, koma a ganyu anangouzidwa kuti musabwere mawa.

Ku nyanja zazikulu nkhondo iyi anaimenya kale. Wamalinyero wa m'zombo za pa nyanja ya mcere ayenda ndi kabuku kace kolembedwamo zombo zonse zimene anagwiramo nchito, ndipo mu 2006 maiko anapangana pangano lalikulu la Maritime Labour Convention lonena za malipiro, maola, cakudya ndi mankhwala a amalinyero. Sanazitole pa njira zimenezi. Kale ku England eni zombo ena anali kudzaza katundu mopitirira m'zombo zoola, atazilipirira inshuwalansi yaikulu, kotero kuti combo cikamira iwo anali kupindula, akazi a amalinyero natsala amasiye. Munthu wina wa m'Nyumba ya Malamulo, Samuel Plimsoll, anacita nao makani zaka zambiri, mpaka mu 1876 lamulo linakakamiza kuti pa nthiti ya combo pajambulidwe mzere. Madzi akabisa mzerewo, ndiye kuti katundu wacuruka, combo cisacoke pa dooko. Kufikira lero mzerewo uchedwa ndi dzina lace.

Ife kuno taphunzira za kulemera kwa katundu ndi maliro. Mu 2003 pa Kazungula, makilomita 70 kucokera pano, lori yolemera mopitirira muyeso inagubuduza pantuni, ndipo anthu 18 anamira. A ku Malawi akumbukira sitima ya Vipya imene inamira pa nyanja yao mu July 1946 pa mphepo yaikulu, nifa nao anthu 145. Lamulo loyang'anira zombo za m'mitsinje ndi m'nyanja zathu liripo, lakuti bwato lonyamula anthu lilembetsedwe ndi kuyesedwa. Tifuna kuona oyesawo pa gombe ndi maso athu, pa madooko ang'ono a Mambova ndi Katombora pomwe, osati pa zombo za mahotela zokha.

Apa tsono tidzidzudzule tokha, cifukwa mlandu wina ngwathu. Ndani aumiriza mwini bwato kuti alowetsenso thumba limodzi la cimanga, njinga imodzi, mwana mmodzi, pamene madzi afika kale pa mlomo wa bwato? Ndife. Ndani akana jekete loyandamitsa munthu, nati litentha, kapena nati ine ndinabadwira pa mtsinje? Ndife. Mwini bwato akakana, timtukwana kuti ngwonyada, ndipo tipita kwa mnzace wosakana. Akulu anati papsa tonola, sudziwa mtima wa moto. Madzi naonso mtima wao sudziwika. Woyendetsa bwato akati lakwana, mau ace akhale otsiriza, monga anali mau a Tuba Mokoro ngakhale pamaso pa Azungu atatu.

Tinati musunge mau a Old Drift. Pantuni ya pa Kazungula inatumikira dziko lino zaka zambiri, makamaka pa nthawi imene malire a kumwera anali otsekedwa, kotero kuti mu April 1979 asilikari a Rhodesia anaimiza dala ndi mabomba. Malori anali kudikira pamenepo masiku ambiri, ndipo pa mzere wa malori umenewo panali kudyera anthu osawerengeka: ophika nsima, osintha ndalama, otsuka magalimoto, a mabwato ang'ono oolotsa anthu ndi katundu. Pa 10 May 2021 ulalo watsopano unatsegulidwa, wa mamita 923, wokhota ngati uta kuti ulumikize Zambia ndi Botswana popanda kuponda Zimbabwe kapena Namibia. Ndi ulalo wabwino, ndipo palibe munthu wa nzeru angalire pantuni imene inamiza anthu 18. Koma monga mu 1905, tsiku la cikondwerero ca akulu linali tsiku limene nchito ya anthu ang'ono a pa gombe inatha. Kawiri konse mtsinje uno waona zotere.

Kacitatu kali m'njira. Kwa zaka zambiri maboma a Zambia ndi Zimbabwe, kupyolera m'bungwe la Zambezi River Authority, akhala akukamba zomanga damu m'cigwa ca Batoka, la magetsi okwana mamegawati 2,400 ogawana maiko awiriwa. Ife a m'makomboni tidziwa kuwawa kwa mdima. Mu 2024, cilala citacepetsa madzi a Kariba, ometa tsitsi, ootcherera zitsulo ndi ogulitsa nyama anakhala manja lende masiku athunthu. Sitinganene kuti magetsi sitiwafuna. Koma damu likadzaima, madzi ace adzabwerera m'mbuyo nadzakwirira mafunde ambiri amene anyamata athu adyerapo. Tsiku lowerengera otayika likadzafika, adzawerenga makampani, cifukwa ali ndi malaisensi. Adzawerenga minda ndi nyumba, cifukwa zioneka ndi maso. Nanga wosenza bwato wa kwa Mukuni amene wakwera phompho zaka 15 popanda pepala, adzamwerenga ndani? Atonga a ku Gwembe, okwana 57,000 tsidya lino ndi lija, anasamutsidwa pomanga Kariba m'zaka za 1957 ndi 1958, ndipo zidzukulu zao zikali kudandaula. Iwo anali ndi midzi ndi mafumu owalankhulira. Wa ganyu alibe ngakhale zimenezo.

Cotero buku limene tirikunena si la cipepeso ca mwendo wothyoka cokha. Ndilo lidzakhala umboni wa tsiku limenelo. Anyamata a pamadzi, musadikire kuti wina adzakulembeni mwa cifundo. Gulani kope la sukulu, musankhe mmodzi wa inu wodziwa kulemba bwino, ndipo tsiku liri lonse alembe: uje anatsika, ananyamula cakuti, analandira zakuti, kapitao anali uje. Wina akapweteka, lembani tsiku, malo ndi mboni ziwiri. Kope lotere ndilo muyenera kupita nalo kwa Labour Officer, pakuti munthu mmodzi wa pakamwa pokha amtaya msanga, koma anthu 40 a kope limodzi awapatsa mpando. Mutu umodzi susenza denga, ndipo inu mudziwa bwino kuposa ife kuti bwato la mphira silikwera phompho ndi munthu mmodzi.

Gulu lotere likalimba lingathe kuganizanso za bwato lace lace. Ciyambire Mopane Clarke, zaka zoposa 120, nkhafi yakhala m'manja mwathu koma bwato la malonda kawiri kawiri ndi la wina. Alipo ana a dziko lino amene ayamba makampani ao a pamadzi, ndipo tiwaombera m'manja, koma ngocepa. Luso liripo lokwanira. Cosowa ndi ndalama zoyambira, inshuwalansi ndi laisensi, ndipo izi ndi zinthu zimene kopaletivu ingathe kufikira pamene munthu mmodzi sangathe. Makhansala athu ndi aphungu a ku Nyumba ya Malamulo, pogawa ndalama za citukuko ca m'madera, akumbukire kuti Livingstone ali ndi gombe, si nkhuku ndi njerwa zokha zimene gulu lingapemphere thandizo.

Ndipo inu nonse owerenga, tiri ndi pempho laling'ono. M'makomboni muno muli nkhalamba zimene atate ao kapena ambuye ao anapalasa mabwato a ku Mongu, anagwira nchito pa zibwato za Wenela, kapena anakoka zingwe za pantuni pa Kazungula. Khalani nao pansi Sabata lino madzulo, muwafunse dzina la munthuyo, mudzi wace, mfumu yace, dooko limene anagwirapo ndi zaka zace ngati azikumbukira. Lembani pa pepala mubweretse kwa amene akugulitsani nyuzi ino. Ife tidzasindikiza maina onse monga afikira, ndipo akacuruka tidzawatengera ku nyumba yosungiramo zakale pa mseu wa Mosi-oa-Tunya, tikapemphe kuti awapezere khoma. Pamwamba pa mndandanda talembapo kale dzina limodzi: Tuba Mokoro, wa pa gombe la kumtunda kwa mathithi, August 1860.